Agogo Akaiwala Chimene Adzera

Mdzukulu wanga wamkazi, amene ali kukoleji, anabwera kutchuthi atatenga timapepala tomangidwa pamodzi. Anandipeza pakhonde ndikukhomera khasu pampini. "Agogo," anatero atanjuta, "paja inu munali aphunzitsi, tandithandizani. Atiuza kuti tifufuze m'nkhani iyi zizindikiro zosonyeza kuti gogo amene akukambidwamo ali ndi matenda oiwala aja akuti dementia."

Ndinapukuta magalasi n'kuyamba kuwerenga. Nkhaniyo ndi ya Chingerezi, mutu wake ndi A Worn Path, ndipo anailemba ndi Eudora Welty, mayi wa ku Mississippi m'dziko la America. Inasindikizidwa koyamba mu 1941. Ndinaiwerenga kawiri. Kachiwiriko za mayeso a mwanayo zinandichoka m'mutu, chifukwa m'timapepalamo ndinakumana ndi mayi anga aang'ono amene tinawaika m'manda kalekale. N'chifukwa chake ndati ndikulembereni, inu achinyamata nonse amene muli ndi nkhalamba pakhomo.

Nkhani yake ndi yaifupi, moti waphuma angati mulibe kanthu. Gogo wina wachikuda, dzina lake Phoenix Jackson, wadzuka m'mamawa tsiku lina la mu Disembala, imene kwawoko ndi nyengo yachisanu, ndipo wauyamba ulendo wapansi wa kutauni ya Natchez. M'manja muli ndodo yopangidwa kuchokera ku ambulera yakutha, kumutu kuli kansalu kofiira, zingwe za nsapato zikungokhwekhwerezeka pansi. Agogowa akwera chitunda, minga yawakola diresi, awoloka kamtsinje pamtengo wogoneka, akwawa pansi pa waya waminga, adutsa m'minda ya thonje ndi ya chimanga chouma. Chimene akuvutikira chonsechi ndi kabotolo ka mankhwala. Mdzukulu wawo anamwa soda wowotcha amene amapangira sopo, mbale wake wa chidulo koma waukali koopsa, ndipo kuchokera pamenepo khosi limamutsekeka nthawi ndi nthawi. Likatsekeka, agogo amanyamuka. Pakhomopo atsala awiriwiri basi.

M'njiramo mukuchitika tinthu timene mdzukulu wanga anali atatilemba kale mizere kunsi. Atakhala pansi kuti apumule, agogo aona kamnyamata kakuwabweretsera keke pambale, koma potambasula dzanja apeza kuti palibe munthu. M'munda aona chinthu chachitali chakuda chikugwedezeka n'kuyesa mzukwa, pamene ndi chidole choopsezera mbalame. Ulendo wonse akuyankhula ndi nyama zakutchire ndi zitsamba zomwe. Galu atawadzidzimutsa agwera m'ngalande, n'kungogona chagada mpaka mlenje wachizungu adzawadzutse. Atafika m'tauni, magetsi a Khirisimasi awasokoneza, ndiye aleka kudalira maso n'kungotsata kumene mapazi akuwatengera. Mapaziwo awafikitsadi, mpaka kukwera masitepe a kwa dokotala. Koma atalowamo, mayi wa pathebulo atawafunsa dzina ndi chimene adzera, agogo angoti chete. Namwino wowadziwa awafunsa za mwanayo kangapo, mpaka kufunsa ngati wamwalira. Agogo ali duu pampando ngati chitsa. Patapita kanthawi nkhope iwala, akumbukira, n'kupepesa kuti anaiwala chimene anayendera mtunda wonsewo.

Pano ndi pamene ine ndi mdzukulu wanga tinasemphana. Iye anali atawerenga zizindikiro zisanu ndi chimodzi, ndipo amafuna kuti ndingovomereza. Ine ndinayamba kufufuta.

Kuyankhula ndi nyama ndinafufuta msanga. Munthu woyenda yekha m'thengo amadziyankhulira kuti mantha achepe. Mayi anga ondibereka ankakalipira mbuzi ngati ana, mutu uli bwinobwino. Za mzukwa ndinafufutanso. Maso a nkhalamba amachita ng'ala, ndipo ng'ala imasandutsa chitsa kukhala munthu. Chachikulu n'chakuti Gogo Phoenix anayandikira, napisa dzanja m'chovalacho, napeza kuti mulibe thupi, nadziseka okha. Mutu umene ukulakwitsa n'kudzikonza wokha ukadali pantchito. Keke ya m'maloto ija, ndani amene anayendapo mtunda wautali m'mimba muli pululu osalota chakudya ali maso? Tsono taonani zimene agogo omwewo anachita kwa mlenje. Ataona kandalama ka masenti 5 kagwa m'thumba mwake, anamutembenuzira maganizo kwa galu uja, iye atathamangira kumeneko iwo n'kuwerama pang'onopang'ono, kutola, kuponya m'thumba la epuloni. Mlenjeyo atawaloza ndi mfuti sanaphethire n'komwe. Kwa dokotala kuja, mayi wa pathebulo atafuna kuwapatsa timasenti ta Khirisimasi, iwo anachita masamu msangamsanga kuti tikwane 5, kuti pamodzi ndi yotola ija akagulire mdzukulu kachoseweretsa kapepala kozungulira ndi mphepo. Ameneyo ndi galu wamkota, sakandira pachabe.

Chimodzi chokha ndinachisiya osafufuta, ndipo ndi cholemera kuposa zinazo pamodzi: kuiwala chimene anadzera. Kuiwala pamene waika mthiko n'kwa tonsefe. Ine ndemwe ndafunafunapo magalasi nyumba yonse ali pamphumi. Koma kuugwira mthiko m'manja n'kumauyang'ana osadziwa ntchito yake, kapena kuyenda tsiku lathunthu chifukwa cha mwana amene ndiye moyo wako wonse, n'kufika pamalopo mwanayo atasowa m'mutu, pamenepo pafunika maso. Welty sanatchule dzina la matenda paliponse m'nkhaniyo. Owerenga ambiri ankamulembera makalata kufunsa ngati mwina mdzukuluyo anamwalira kale, agogo akungoyendera chizolowezi. Mu 1974 anawayankha m'nkhani ina kuti iye polemba ankamutenga mwanayo kuti ali moyo, monga mmene Phoenix ankamutengera, ndipo kuti mtima wa nkhaniyo uli pa ulendowo. Ine ndinamuuza mdzukulu wanga kuti akalembe kuti chizindikiro chilipo, koma chizindikiro chimodzi cha tsiku limodzi sichikwanira kuweruzira munthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kudekha kumeneko ine ndinalibe pa nthawi imene kunkafunika.

Mayi anga aang'ono anali katswiri wa zitumbuwa. Ankagulitsa pamsika, ndipo chenji ankawerengera pamtima mofulumira kuposa ine wa choko. Amuna awo atamwalira, popeza analibe mwana wamoyo, tinawatenga kudzakhala nafe. Zaka zoyamba zinali zokoma. Kenaka ndiwo zinayamba kuwawa mchere, chifukwa ankathira, n'kuiwala, n'kuthiranso. Ndikachokera kusukulu ankandifunsa kuti, "Mwabwera liti, aphunzitsi?" Ndiyankha. Ndisanavule nsapato, funso lomwelo. Pofika pa nsima, kachinayi. Tinkaseka n'kumati ndi ukalamba, abwerera ku umwana.

Tsiku lina anadzuka akulira kuti ndalama zawo zabedwa, ndipo analoza mkazi wanga. Ananena motsimikiza, misozi ili chuchuchu, moti ine ndinawakhulupirira. Ndinamunyoza mayi wa ana anga pamaso pa anawo. Patapita masabata awiri ndalamazo zinapezeka zitakulungidwa pakansanza m'kati mwa mtsuko wosagwiritsidwa ntchito kuseri kwa nkhokwe, mmene mwini wakeyo anazibisa yekha. Ndinapepesa, koma mawu akatuluka sabwerera m'kamwa. Ndikukuuzani zimenezi chifukwa m'mabanja ambiri woyamba kupsa ndi matendawa si wodwalayo ayi, koma mpongozi kapena mdzukulu amene amamusamalira, amene amasanduka wakuba m'maso mwa abale obwera kamodzi pachaka.

Chodabwitsa chinali chakuti zakale zonse zinali m'malo mwake. Nyimbo za m'buku la kutchalitchi ankaimba ndime zonse osaphonya. Ukawapatsa khasu, mizere inkatuluka yowongoka ngati yoyezera chingwe. Ankadziwa mayina a atsikana amene anavinidwa nawo limodzi, koma osadziwa ngati adya nsima masana omwewo. Dzuwa likamapendeka ankasowa mtendere, n'kumanga kamtolo ka zovala, amvekere, "Ndikupita kwathu, amayi akundidikira." Ine mwa uphunzitsi wanga ndinkawakonza: "Amayi anu anamwalira kalekale." Ndiye ankalira ngati uthengawo wafika kumene. Mawa lake chimodzimodzi. Ndinawaliritsa maliro amodzi kambirimbiri ndisanazindikire kuti choonadi changacho chinalibe phindu kwa iwo. Mkazi wanga yemwe uja ndiye anapeza njira. Ankangoti, "Chabwino amayi, koma tiyambe tamwa tiyi, kunja kwada, tipita mawa." Ankakhala pansi, n'kumwa, n'kugona.

M'bandakucha wina wa m'nyengo yozizira tinapeza chitseko chili pululu, mphasa ilibe munthu. Tisanadziwe kolowera, kunabwera mnyamata panjinga ali wefuwefu kuti tifulumire kumudzi wa kutsidya kwa dambo. Nditafika ndinapeza chikhamu cha anthu. Mayi anga aang'ono anali atakhala pansi pafupi ndi manda, chitenje chili m'manja m'malo mokhala m'chiuno, mapazi ali magazi okhaokha chifukwa cha zitsotso. Anthu ankakuwa kuti mfiti yagwa m'lichero, kwaichera. Anyamata ena anali atatola kale miyala. Wina ankawafunsa mokalipa kuti, "Mwabwera kudzatenga ndani?" Iwo, pofuna kusangalatsa alendowo, ankangomwetulira n'kumavomera chilichonse, n'kumatchula mayina a anthu amene anafa zaka makumi angapo zapitazo. Khamulo linkamva ngati akuulula.

Anawapulumutsa ndi mayi wina amene kale ankagula zitumbuwa zawo. Anadutsa pakati pa anthuwo, n'kuvula chitenje chake chapamwamba, kuwafunditsa, n'kukhala nawo pansi phewa ndi phewa. Ndiye amene anatuma mnyamata wa njinga uja. Pambuyo pake tinazindikira kuti njira imene anayenda usikuwo inali ya kuchitsime cha mudzi umene anabadwira, mudzi umene unasamuka kalekale n'kusiya manda okha. Mutu unali utataya zaka makumi asanu, koma mapazi ankaidziwa njira, monga a Gogo Phoenix m'misewu ya Natchez. Kusiyana kwake n'kwakuti Phoenix anakafikira kwa namwino wowadziwa, pamene mayi anga anatsala pang'ono kufikira pamiyala.

Musaganize kuti ndikukokomeza. Mu Januwale 2016, m'boma la Neno, nkhalamba zinayi za banja limodzi zinaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo mphenzi itapha mtsikana. Ngati imvi zokha zikukwanira kuphetsa munthu chotero, nanga nkhalamba yopezeka kumanda m'bandakucha ili chibadwire, ikuyankhula ndi akufa? Dziwani kuti lamulo la dziko lino lokhudza ufiti, la 1911, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Koma lamulo limafika mochedwa, mwala utaponyedwa kale. Pamalopo pamafunika munthu mmodzi wolimba mtima ngati mayi wa chitenje uja, ndipo kawirikawiri otola miyala amakhala a msinkhu wanu.

Matendawa ali ndi mbiri yake, ndipo ilibe lichero. Mu 1901, dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, analandira m'chipatala cha ku Frankfurt mayi wa zaka 51 zokha, Auguste Deter, amene ankaiwala, kusochera m'nyumba mwake ndi kukayikira mwamuna wake. Mayiyo atamwalira mu 1906, dokotalayo anaunika ubongo wake n'kupeza kuti unali utafota, muli timibulu ndi timaulusi topotana tosayenera kukhalamo. Mtundu umenewo, umene lero umatchedwa ndi dzina la dokotalayo, ndiwo wofala kwambiri: mwa odwala 100 alionse, 60 mpaka 70 amakhala a umenewu. Mtundu wina umabwera mitsempha ya magazi ya mu ubongo ikawonongeka, makamaka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, shuga ndi sitiroko. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi matendawa, ndipo ambiri mwa iwo ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, osati kwa azungu kokha monga ena amaganizira. Mbali ya ubongo yosunga zatsopano ndiyo imayamba kuwonongeka, n'chifukwa chake nsima ya masana imasowa pamene nyimbo ya paubwana ikhalapobe. Ukalamba pawokha si matenda. Tili ndi nkhalamba za zaka 90 zimene zimaweruza milandu ya malire a minda osaphonya mtengo ndi umodzi womwe.

Tsono mverani bwino apa, chifukwa pakhoza kupulumuka moyo. Matenda oiwala enieni amabwera mokwawa, miyezi ndi zaka. Agogo amene dzulo anali bwino, lero sakudziwa pamene ali, akubwebweta, amenewo athamangitseni kuchipatala tsiku lomwelo. Malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kutsika kwa shuga, ngakhale kuchepa kwa madzi m'thupi, zonsezi zimasokoneza mutu wa munthu wamkulu mwadzidzidzi, ndipo zimachizika. Palinso agogo amene amaoneka oiwala pamene vuto ndi makutu, sanamve n'komwe zimene munanena. Ena ndi chisoni chobwera mnzawo wa moyo wonse akamwalira. Kachasu, chindoko chokhalitsa ndi kachilombo ka HIV kosalandirira mankhwala nazonso zimawononga ubongo. Mukati "ndi ukalamba basi" n'kukhala pansi, mwina mwasiya munthu afe ndi chinthu cha mapiritsi ochepa chabe. Popita kuchipatala apite nawo munthu amene amakhala nawo tsiku ndi tsiku, atatenga kabuku kawo ka kuchipatala, ndipo akafotokoze mwatsatanetsatane: zinayamba liti, amaiwala zotani, usiku amagona bwanji. Agogo eni ake akafunsidwa adzati ali bwino, ndipo adzayankha mwaulemu moti dokotala wotanganidwa akhoza kukhulupirira. Zikavuta pali chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ndi cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti agogo apenga.

Mankhwala ochiziratu matenda a Alzheimer sanapezeke, ndipo aliyense wokuuzani kuti ali nawo, kaya ndi wa zitsamba kaya wa mafuta odzozedwa, akufuna mbuzi yanu. Chimene chilipo ndi chisamaliro, ndipo chambiri mwa icho sichilira ndalama. Musabise. Ife tinabisa chifukwa cha manyazi, ndipo manyaziwo ndiwo anatsala pang'ono kuphetsa munthu. Kauzeni amfumu, a kumpingo kapena kumzikiti, anansi, mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, ngakhale midzi yoyandikana nayo, kuti gogo wakutiwakuti akudwala matenda oiwala, mukamuona akuyenda yekha mubwezeni. Sokererani kansalu kolembapo dzina ndi nambala ya foni m'kati mwa chovala chawo. Mankhwala ophera anankafumbwe, feteleza ndi parafini zichoke pamene dzanja lawo lingafike, ndipo asatsale okha pamoto kapena pachitsime. Koma musawalande ntchito zonse n'kuwakhazika pakona ngati mtondo wong'ambika. Apatseni nyemba asankhe, chimanga atonole, mwana amuimbire. Manja amakumbukira nthawi yaitali kuposa mutu.

Pali kamchitidwe kena kamene ndimadana nako, ndipo mumakachita mosadziwa. Mukafika kuchokera kutauni mumaima pamaso pa agogo n'kumati, "Agogo, mwandizindikira? Ndine ndani? Tanenani!" Anthu n'kumaseka, wina n'kumajambula pafoni kuti akaike pa Facebook. Amenewo ndi mayeso, ndipo munthu amene akudziwa kuti akulephera mayeso pamaso pa ana amamva manyazi ngakhale dzina lanu lamuthawa. Mayi wa pathebulo wa m'nkhani ya Welty anachita zomwezo: ataona kuti agogo sakuyankha, anakweza mawu n'kuwafunsa ngati ali ogontha. Inu mukafika khalani pansi, agwireni dzanja, nenani nokha kuti ndine uje, mwana wa uje. Akakutchulani dzina la malume anu amene anamwalira, vomerani. Simutaya kanthu.

Za ndalama ndinene mosapsatira. Agogo akayamba kuiwala, pamabwera adzukulu achikondi chadzidzidzi. Wina agwira foni ndi nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money, wina akawalandirira ya Mtukula Pakhomo n'kubwera ndi theka, wina awadindisa chala papepala logulitsa munda. Kumeneko ndi kuba, ndipo n'koipa kuposa kuthyola nyumba, chifukwa wobedwayo sangathe ngakhale kudandaula. Banja likhale pansi poyera, lisankhe anthu awiri oyang'anira chuma cha agogo, ndipo zonse zizilembedwa m'kope.

Muzikumbukiranso amene akusamalira. Nthawi zambiri amakhala mayi mmodzi, kapena kamtsikana kamene kasiyira sukulu panjira, kosagona usiku, kochapa zofunda m'mawa uliwonse, kotukwanidwa ndi munthu amene kakumusambitsa. Inu a ku Lilongwe, Blantyre ndi Johannesburg, kutumiza ndalama ya sopo n'kwabwino, koma sikugoneka munthu tulo. Bwerani mudzamulandire sabata imodzi, apite akapume kwa anzake. Mkazi wanga anasenza mtolo umenewu zaka zinayi, ine ndikungoyamikira pakamwa, ndipo mpaka lero ndikaganiza ndimachita manyazi.

Mdzukulu wanga anabwerera kukoleji ndi timapepala take, mizere isanu itafufutidwa, umodzi utatsala. Ponyamuka anandiseka kuti ndamufunsa kawiri za tsiku lotsegulira sukulu. N'zoona, ndinamufunsadi kawiri. Tsono inu adzukulu anga, tsiku limene mudzandipeze m'bandakucha ndikulowera njira ya kusukulu imene ndinkaphunzitsa, choko chili m'thumba, musadzandifunse ngati ndikukudziwani. Mudzanene dzina lanu, mudzandifunditse, mudzandibweze kunyumba, ndipo kukacha mudzapite nane kuchipatala akandiyeze malungo ndi shuga.